Kuwerenga Mayendedwe a Tsiku ndi Tsiku Kungapulumutse Mwendo wa Wodwala Shuga

Phunziro la makomiti a chitukuko, alangizi a zaumoyo ndi mabanja

Munthu wa mapazi abwinobwino akaponda munga amadumpha, n'kukhala pansi kuti auzule. Nsapato ikamuthina amaivula, ndipo akayenda mtunda wautali mapazi amamuuza okha kuti nthawi yopuma yakwana. Ululu ndi mlonda amene aliyense anabadwa naye. Koma pali odwala matenda a shuga ena amene mlondayu anawachokera. Amatha kuyenda tsiku lonse ndi kamwala m'nsapato osadziwa kanthu, n'kudzazindikira madzulo ataona magazi pa sokosi. Bala lotere likanyalanyazidwa limasanduka chilonda, tizilombo timalowamo, ndipo mapeto ake madokotala amakakamizika kudula chala, phazi kapena mwendo wonse pofuna kupulumutsa moyo.

Nkhaniyi siikhudza chipatala chokha. Mlimi akadulidwa mwendo, munda umagona, ana amasiya sukulu kuti azisamala kholo, ndipo ndalama zimene zikanagula feteleza zimathera m'maulendo a kuchipatala. Kafukufuku wa m'dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la World Health Organization anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matenda a shuga. Choncho m'dera la mfumu iliyonse muli mabanja amene phunziroli likuwakhudza.

Mfundo yaikulu ya phunziro lino ndi imodzi. Kwa munthu amene mapazi ake anasiya kumva, choopsa kwenikweni si kuyenda ayi, koma kusintha mayendedwe mwadzidzidzi: kukhala pakhomo masiku angapo, kenako n'kuyenda mtunda wautali tsiku limodzi. Popeza phazi silingathenso kumuchenjeza, munthuyo ayenera kupeza mlonda wina. Mlondayo ndi kuwerenga ndi kulemba mmene wayendera tsiku lililonse, komanso kuyang'ana mapazi ake madzulo alionse.

Mmene shuga amawonongera phazi

Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka zambiri amawononga mitundu iwiri ya mitsempha. Mtundu woyamba ndi mitsempha imene imatumiza uthenga kuchokera pakhungu kupita ku ubongo. Mitsempha yaitali kwambiri ndiyo imayamba kufooka, n'chifukwa chake vutoli limayambira ku zala zakuphazi n'kumakwera pang'onopang'ono. Poyamba wodwala amamva dzanzi, kubayabaya kapena kutentha ngati moto, makamaka usiku. Pakapita nthawi samvanso chilichonse. Ena amasangalala poganiza kuti achira, pamene ngozi ndiye yangoyamba.

Mtundu wachiwiri ndi mitsempha ya magazi. Njira zake zimachepa, kotero kuti magazi safika okwanira kuphazi. Bala la pamalo osowa magazi limachedwa kupola, ndipo mankhwala opha tizilombo amavutika kufikapo. Kusuta fodya kumawonjezera vutoli kwambiri.

Mitsempha ikafooka, phazi limasinthanso maonekedwe. Zala zimapindika, kulemera kwa thupi kumatsamira pamalo ochepa, makamaka kunsi kwa chala chachikulu ndi pamene zala zimayambira. Khungu limasiya kutuluka thukuta, limauma, ndipo kuchidendene kumachita ming'alu.

Dokotala wa ku Britain, Paul Brand, amene anagwira ntchito pakati pa odwala khate ku Vellore m'dziko la India, anathandiza kwambiri kumveketsa nkhaniyi. Kale anthu ankakhulupirira kuti khate limadya lokha zala za munthu. Iye anaonetsa kuti zala ndi mapazi zimawonongeka chifukwa cha kuvulala kobwerezabwereza kumene wodwala sakukumva. Atasamukira ku Carville m'dziko la America mu 1966, anaona kuti mfundo yomweyo ikugwiranso ntchito pa mapazi a odwala shuga. Kuponda kamodzi sikuvulaza. Koma malo amodzi akapondedwa kambirimbiri osapuma, mnofu wa mkati umatupa ndi kutentha, khungu limakhuthala, pansi pake pamaundana magazi, kenako pamaphulika. Zilonda zambiri za odwala shuga zimayamba motere, popanda munga kapena msomali uliwonse.

Ndani ali pachiopsezo

Si wodwala shuga aliyense amene phazi lake lili pangozi yofanana. Gulu la akatswiri a m'maiko osiyanasiyana lotchedwa International Working Group on the Diabetic Foot limagawa odwala m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi la anthu amene mapazi awo akumva bwino ndipo magazi akuyenda bwino. Awa ayenera kupimidwa mapazi kamodzi pachaka. Gulu lachiwiri ndi la amene ali ndi vuto limodzi: phazi losamva kapena magazi osayenda bwino. Awa apimidwe kamodzi pa miyezi 6 mpaka 12. Gulu lachitatu ndi la amene ali ndi mavuto onse awiri, kapena limodzi mwa mavutowa pamodzi ndi phazi lopindika. Awa apimidwe kamodzi pa miyezi 3 mpaka 6. Gulu lachinayi, lomwe lili pachiopsezo chachikulu, ndi la amene ali ndi limodzi mwa mavutowa ndipo anakhalapo kale ndi chilonda, anadulidwapo chala kapena phazi, kapena impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Awa ayenera kuonedwa kamodzi pa mwezi umodzi mpaka itatu.

Kupima ngati phazi likumva sikulira makina odula. Kuchipatala amagwiritsa ntchito kaulusi kolimba kapulasitiki kamene kamapindika kakakanikizidwa ndi mphamvu ya magalamu 10. Wodwala amatseka maso, ndipo amanena ngati wamva kaulusiko kakumukhudza. Palinso njira ina imene inayambira pa chipatala cha Ipswich ku England, yomwe siifuna chipangizo chilichonse. Wopima amakhudza mopepuka, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, nsonga ya chala choyamba, chachitatu ndi chachisanu cha phazi lililonse, wodwala atatseka maso. Ngati wodwala sanamve pa zala ziwiri kapena kuposerapo mwa zala 6 zimenezi, phazi lake layamba kutaya mphamvu yakumva, ndipo ayenera kukaonedwa kuchipatala.

Mu 2017 akatswiri atatu, David Armstrong, Andrew Boulton ndi Sicco Bus, analemba m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine kuti anthu 19 mpaka 34 mwa odwala shuga 100 alionse amadzakhala ndi chilonda cha kuphazi nthawi ina pamoyo wawo. Anaonjezera kuti mwa amene chilonda chawo chapola, pafupifupi 40 mwa 100 alionse amachitanso chilonda chisanathe chaka, ndipo pafupifupi 60 mwa 100 alionse amachitanso pasanathe zaka zitatu. Chotero kupola kwa chilonda si kutha kwa nkhondo. Phazi limene linadwalapo limafunika kulilondera moyo wonse.

Zimene akatswiri apeza powerenga masitepe

Kwa zaka zambiri madokotala ankangofunsa odwala kuti amayenda motani, ndipo mayankho ake sankakhala odalirika, chifukwa munthu sakumbukira maulendo ang'onoang'ono a pakhomo. Zinthu zinasintha pamene kunabwera tizipangizo tating'ono tomangirira m'chiuno kapena pamwendo, towerenga masitepe, kutanthauza nthawi iliyonse imene phazi laponda pansi munthu akuyenda. Maphunziro atatu anatuluka m'kafukufuku wa mtundu umenewu.

Phunziro loyamba ndi lakuti masitepe ambiri amapondedwa pakhomo. Mu 2001 Armstrong ndi anzake ku America anapatsa tizipangizoti odwala 20 amene anali pachiopsezo chodulidwa phazi, pamodzi ndi kabuku kolembamo nthawi imene anali pakhomo ndi nthawi imene anali koyenda, kwa mlungu umodzi. Anapeza kuti ngakhale odwalawo ankaponda masitepe ambiri pa ola akakhala koyenda, chiwerengero cha tsiku lonse chinkakhala chachikulu pakhomo. Komanso 85 mwa 100 alionse ankavala nsapato zimene dokotala anavomereza akamachoka pakhomo, koma 15 okha mwa 100 alionse ndi amene ankapitiriza kuzivala akafika kunyumba. Phazi linkakhala losatetezedwa pamalo pamene linkagwira ntchito yambiri. M'midzi yakuno, kumene nsapato yabwino imasungidwira kutchalitchi, kumzikiti ndi kuboma, pamene kusesa pabwalo, kuphika ndi kutunga madzi kumachitika popanda nsapato kapena m'patapata, phunziroli ndi lofunika kuposa onse.

Phunziro lachiwiri ndi lakuti chida chothandiza sichithandiza chikakhala pakhoma. Munthu akakhala ndi chilonda kunsi kwa phazi, mankhwala aakulu ndi kuchotsa kulemera pa chilondapo. Madokotala amachita izi pomanga chikhakha kapena popereka jombo yapadera yotheka kuvula. Mu 2003 ofufuza omwewo anaika kachipangizo kamodzi m'chiuno mwa wodwala ndi kena pa jomboyo. Anapeza kuti odwala ankavala jomboyo pa masitepe 28 okha mwa masitepe 100 alionse amene ankaponda. Otsalawo ankaponda pachilonda. Ichi n'chifukwa chake akatswiri masiku ano amakonda chikhakha kapena jombo yosatheka kuvula pochiza zilonda zoterezi, ngati palibe chifukwa china choletsa.

Phunziro lachitatu ndilo likulu la nkhani ino. Mu 2004 ofufuzawo anatsatira odwala 100 amene anali pachiopsezo chachikulu kwa miyezi ingapo, ndipo 8 mwa iwo anachita zilonda. Ambiri ankayembekezera kuti amene adzachite zilonda ndi oyenda kwambiri. Koma sizinatero. Anthu 8 aja ankayenda pang'ono kusiyana ndi anzawo. Chimene chinawasiyanitsa n'chakuti mayendedwe awo anali osakhazikika: lero pang'ono kwambiri, mawa kwambiri zedi. Ndipo kusakhazikikaku kunakula m'milungu iwiri yomaliza chilonda chisanatuluke. Khungu limene lazolowera ntchito yofanana tsiku ndi tsiku limalimba. Khungu limene lakhala osagwira ntchito limafewa, ndipo likasenzetsedwa katundu wamkulu mwadzidzidzi limang'ambika.

Pali chinthu chimodzi chimene kachipangizo kowerenga masitepe sikaona, ndicho kuima. Munthu akaima pamzere kuchigayo, kuchipatala kapena kogula zipangizo zaulimi kwa maola awiri, kulemera konse kwa thupi kumakhala pamapazi ngakhale sanaponde sitepe ina iliyonse. Nthawi yoima iyeneranso kulembedwa.

Kodi wodwala ayende kapena akhale pansi?

Kale odwala amene mapazi awo samva ankalangizidwa kupewa kuyenda. Langizoli linkateteza phazi koma linkawononga thupi lonse, chifukwa kuyenda kumatsitsa shuga, kumathandiza mtima, ndiponso kumachepetsa kuthamanga kwa magazi. Bungwe la World Health Organization limalimbikitsa akuluakulu, kuphatikizapo odwala shuga, kuchita ntchito yolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pamlungu.

Mu 2008 kafukufuku wotchedwa Feet First, amene anachitikira ku Missouri m'dziko la America motsogozedwa ndi Joseph LeMaster, anatsatira kwa chaka chathunthu odwala shuga 79 amene mitsempha ya mapazi awo inali itafooka. Gulu limodzi linalimbikitsidwa kuwonjezera kuyenda pang'onopang'ono likuwerenga masitepe, lina ayi. Zilonda sizinachuluke m'gulu loyendalo. Potengera umboni wotere, malangizo a mu 2019 a gulu la akatswiri lija amanena kuti wodwala wa m'gulu lachiwiri kapena lachitatu angathe kuwonjezera masitepe okwana 1,000 patsiku pamwamba pa amene anazolowera, malinga ngati wavala nsapato zoyenera ndipo akuyang'ana khungu lake kawirikawiri. Kuwonjezerako kusapose masitepe 10 pa 100 alionse pamlungu.

Mwachitsanzo, munthu amene amaponda masitepe 3,000 patsiku angakweze kufika pa 3,300 mlungu woyamba, pafupifupi 3,600 mlungu wachiwiri, ndipo angafike pa 4,000 pakatha milungu itatu kapena inayi. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Anthu a mafoni amakono amva zoti munthu ayenera kuponda masitepe 10,000 patsiku. Chiwerengerochi chinatchuka ku Japan m'zaka za m'ma 1960 potsatsa malonda a kachipangizo kowerenga masitepe. Si mlingo umene wodwala wa phazi losamva ayenera kuthamangira. Mlingo wake ndi umene thupi lake linazolowera, ndipo kukwera kulikonse kuyambire pamenepo.

Amene ali ndi chilonda chosapola, phazi lotupa ndi lotentha, kapena chala chimene chayamba kuda, sali m'gulu lowonjezera kuyenda. Iwo ayenera kupumitsa phazilo ndi kupita kuchipatala. Amene ali m'gulu lachinayi asasinthe mayendedwe awo asanakambirane ndi achipatala. Ndipo aliyense amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide ayenera kudya asananyamuke ndi kutenga shuga pang'ono kapena maswiti m'thumba, chifukwa kuyenda kungatsitse shuga mopitirira muyeso. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi ndi chizungulire.

Kuwerenga popanda zipangizo zodula

Mafoni ambiri amakono amatha kuwerenga masitepe, koma amawerenga pokhapokha ali m'thumba la mwini wake. Foni imene yatsala pawindo kapena kotchajitsa imaphonya maulendo a pakhomo, omwe ndi ochuluka. Komanso mabanja ambiri alibe foni yotere. Mwamwayi, chofunika pano si chiwerengero chenicheni cha masitepe, koma kudziwa ngati lero likufanana ndi dzulo. Kope la sukulu ndi cholembera n'zokwanira.

Choyamba, wodwala alembe malo amene amapitako kawirikawiri: kumjigo, kumunda, kudimba, kuchigayo, kumsika, kopemphera ndi kuchipatala.

Chachiwiri, ayeze ulendo uliwonse kamodzi kokha. Mwana wa sukulu kapena mdzukulu angamuperekeze akuwerenga masitepe, n'kumaponya njere ya chimanga m'thumba pa masitepe 100 alionse. Pofika, njere zikawerengedwa, kutalika kwa ulendowo kwadziwika. Amene ali ndi wotchi angalembe mphindi m'malo mwa masitepe. Munthu woyenda mwachangu ndithu amaponda masitepe pafupifupi 100 pa mphindi imodzi, choncho masitepe 1,000 ndi ulendo wa mphindi 10 kapena kuposerapo pang'ono.

Chachitatu, kwa milungu iwiri yoyamba asasinthe kanthu. Azingolemba madzulo alionse maulendo amene wayenda, nthawi imene waima, ndi chimene anavala kuphazi. Milungu iwiriyi ndiyo imaonetsa mlingo umene phazi lake linazolowera.

Chachinayi, pa tsamba lomwelo alembe zimene waona pa mapazi. Asambe mapazi ndi madzi osatentha, atawayesa kaye ndi chigongono, awapukute bwino makamaka pakati pa zala, kenako ayang'ane pamwamba, pansi, kuchidendene ndi pakati pa zala. Amene sangathe kuwerama kapena saona bwino agwiritse ntchito kalilole kapena apemphe wachibale. Mafuta odzola apake pakhungu louma, koma osati pakati pa zala.

Chachisanu, ayerekeze kutentha kwa mapazi awiriwo. Malo amene akufuna kuphulika amayamba kutentha masiku angapo khungu lisanang'ambike. Kumene kuli kachipangizo koyezera kutentha kwa khungu, akatswiri amati malo amodzi akatentha kuposa malo ofanana nawo a phazi linalo ndi madigiri oposa 2.2 kwa masiku awiri otsatizana, wodwala achepetse kuyenda ndipo adziwitse achipatala. Kumene kulibe, wachibale angakhudze mapazi onse awiri ndi kuseri kwa dzanja. Njirayi siyolondola ngati kachipangizo, koma kusiyana kwakukulu kumamveka.

Chachisanu ndi chimodzi, kopelo liziyenda pamodzi ndi buku la kuchipatala pa tsiku la sikelo ya matenda a shuga. Dokotala kapena namwino akaona kuti thuza linatuluka patangopita tsiku la ulendo wautali, amadziwa pamene pakufunika kukonza.

Masiku oopsa pa kalendala ya kumudzi

Kope likalembedwa kwa mwezi umodzi, masiku oopsa amaonekera okha. Mayi amene masiku onse amangozungulira pakhomo ndi kumjigo angapeze kuti tsiku la msika amayenda katatu kuposa masiku ena, atasenzanso katundu. Bambo amene anagona milungu iwiri ndi malungo angadzuke n'kupita kumunda tsiku lonse kuti abweze nthawi yotayika. Maliro a m'mudzi wakutali, msonkhano waukulu wa mpingo, ukwati ndi chinkhoswe, zonsezi zimabweretsa kuyenda ndi kuima kwa maola ambiri, nthawi zambiri mu nsapato yatsopano kapena yobwereka imene phazi silinaizolowere.

Nyengo nazo zili ndi misampha yake. Mu Okutobala nthaka imatentha moti phazi losamva lingapse osadziwa. Mvula ikagwa, ntchito yobzala ndi kupalira imayamba mwadzidzidzi, ndipo phazi limakhala tsiku lonse m'matope kapena mu jombo yonyowa, khungu n'kufewa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye ngozi ndi mbaula ndi moto wowotha, chifukwa wodwala amasendeza mapazi pafupi osamva kuti akupsa. Pamwamba pa izi pali matekenya, minga ndi zitsotso za m'munda, ngakhalenso makoswe amene amatha kuluma zala za munthu ali m'tulo.

Tsoka silinunkha, koma masiku ambiri oterewa amadziwika nthawi ikadalipo. Ulendo wautali ungagawidwe: mbali ina pa kabaza, mbali ina wapansi, ndi kupuma panjira kuti nsapato ivulidwe ndipo phazi liyang'anidwe. Ntchito ya kumunda iyambike milungu ingapo mvula isanagwe, ola limodzi patsiku, n'kumawonjezera. Wodzuka pa matenda abwerere ku ntchito pang'onopang'ono. Nsapato yatsopano ivalidwe kanthawi kochepa masiku oyamba, ndipo igulidwe madzulo pamene phazi limakhala litatupako. Ikhale yotseka, yotakasuka kutsogolo, yokhala ndi pansi polimba, ndipo ivalidwe ndi sokosi yoyera yopanda msoko wokhuthala. Asanavale, wodwala aziigwedeza ndi kupisamo dzanja.

Zizindikiro zosafuna kudikira

Wodwala shuga apite kuchipatala tsiku lomwelo akaona thuza, bala kapena mng'alu wotuluka madzi, phazi lotupa, lofiira kapena lotentha kuposa linzake, mafinya kapena fungo, chala chimene chasintha mtundu n'kuyamba kuda, kapena ngati thupi latentha ali ndi chilonda. Kusamva kupweteka si umboni woti bala ndi laling'ono. Asadule khungu lokhuthala ndi lezala, asaboole thuza, asateme mphini paphazi, ndipo asathire pachilonda phulusa, mchere, mafuta a galimoto kapena ufa wa m'makapisozi. Masiku amene amatayika poyesa njira zimenezi ndi amene amasiyanitsa kutsuka chilonda ndi kudula mwendo.

Ku Tanzania, ntchito yotchedwa Step by Step, imene Dr Zulfiqarali Abbas wa ku Dar es Salaam anali mmodzi mwa oitsogolera kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inaphunzitsa madokotala ndi anamwino kupima mapazi, kuphunzitsa odwala ndi kutumiza msanga ku chipatala chachikulu amene zilonda zawo zakula. Zipangizo zake zinali zosavuta, ndipo chiwerengero cha odulidwa miyendo chinatsika. Phunziro lake ndi lakuti maso, manja ndi changu zimapulumutsa miyendo ngakhale kumene kulibe makina apamwamba.

Udindo wa makomiti, mafumu ndi mabanja

Pansi pa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ntchito za zaumoyo m'boma zili m'manja mwa khonsolo, ndipo makomiti a VDC ndi ADC ndiwo amanyamula zofuna za anthu kupita nazo kumeneko. Pali zinthu zingapo zimene magulu amenewa angachite popanda kudikira ndalama.

Alangizi a zaumoyo angaphunzitse mabanja kupima kwa zala kuja ndi kalembedwe ka kope pamene akuyendera midzi. Makomiti oyang'anira zipatala zing'onozing'ono angalimbikitse kuti wodwala shuga aliyense azivula nsapato ndi sokosi akalowa m'chipinda cha dokotala, chifukwa phazi lobisika silipimidwa. Oyang'anira ntchito za mthandizi ndi ntchito za chitukuko cha m'mudzi, monga kututa mchenga ndi kulambula misewu, angapatse anthu a mapazi osamva ntchito zosafuna kuyenda kapena kuima nthawi yaitali, m'malo mowachotsa pa mndandanda. Pamisonkhano ndi pamizere yolandirira zinthu, anthu oterewa apatsidwe pokhala ndipo athandizidwe msanga. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo angathandize kuti munthu amene wakwera kabaza kupita kumaliro, kapena amene wavala nsapato pabwalo la nyumba yake, asanenedwe kuti ndi wonyada kapena waulesi. Tsiku la 14 Novembala, limene dziko lonse lapansi limakumbukira matenda a shuga, limagwa nthawi imene ntchito za kumunda zikuyamba, choncho ndi mpata wabwino wokumbutsana zimenezi.

Udindo waukulu uli m'banja. Mwana amene amawerenga njere za chimanga, mkazi amene amayang'ana kunsi kwa phazi la mwamuna wake madzulo, mwamuna amene amapita kumjigo tsiku limene mkazi wake wachokera kumsika, onsewa akugwira ntchito imene ululu unkagwira. Kuwerenga mayendedwe sikulowa m'malo mwa kumwa mankhwala, kudya moyenera ndi kusiya fodya. Kumangowonjezera chinthu chimene mankhwala sangachite, chomwe ndi kuchenjeza wodwala khungu lisanang'ambike.

Mafunso okambirana m'magulu

1. N'chifukwa chiyani munthu woyenda pang'ono angachite chilonda msanga kuposa woyenda kwambiri tsiku lililonse?

2. Ndi masiku ati pamwezi, ndipo ndi nyengo ziti pachaka, pamene anthu a m'dera lino amayenda kapena kuima kwambiri mwadzidzidzi?

3. Kodi wodwala amene sadziwa kulemba kapena saona bwino angathandizidwe ndi ndani kusunga kope la mayendedwe?

4. Ndi zikhulupiriro ziti zimene zimachedwetsa anthu kupita ndi chilonda kuchipatala, ndipo mafumu angachitepo chiyani?

5. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene komiti ingayambe mwezi uno pofuna kuteteza mapazi a odwala shuga m'mudzi mwake?